Utsi wa Phwando: Kodi Mlandu Wake Ngwa Yani?

Funso Lathu

Palibe mtundu wa anthu pa dziko lapansi umene sukonda kusonkhana. Ng'oma ikalira kutsidya kwa mtsinje, mapazi sayembekeza kuuzidwa njira. Ukwati, gule ndi mpira zikoma chifukwa cha unyinji wa anthu, pakuti chimwemwe cha munthu mmodzi sichikhalitsa. Koma yense amene anakhalapo mwini phwando adziwa kuti m'mawa mwake, alendo atabalalika, pabwalo patsala phulusa, mafupa ndi miphika yakuda. Wina ayenera kusesa, ndipo mwa mwambo wosesa ndiye mwini phwando pamodzi ndi abale ake. Sitinamvepo kuti munthu waola zinyalala za ukwati wa mwana wake ndi kukazitaya pakhomo pa mnansi amene sanamuitane n'komwe.

Masiku ano kuli maphwando aakulu oposa onse amene makolo athu anawadziwa. Kuli Masewera a Olimpiki, amene achitika zaka 4 zilizonse, ndiponso mpikisano wa mpira wa miyendo wa dziko lonse, umene autcha World Cup. Anthu miyandamiyanda akwera ndege kupita kumeneko, ndipo mabwalo aakulu a simenti ndi chitsulo amangidwa chifukwa cha masabata owerengeka. Maphwando amenewa nawo asiya phulusa lao, koma phulusa lake silioneka ndi maso, ndipo silitsala pabwalo pa mwini wake. Liuluka ndi mphepo, nkukagwera anthu akutali.

Tsono funso limene tifuna kulisinkhasinkha m'kabuku aka ndi ili: kodi mwini phwando lotere ali ndi mangawa otani kwa anthu amene sanaitanidwe? Poyankha tidzayang'ana maphwando awiri enieni, la ku Qatar la chaka cha 2022 ndi la ku Paris la chaka cha 2024.

Utsi Wosaoneka

Choyamba tidziwe phulusa limene tikunenali. Pamene titentha nkhuni, makala, petulo, dizilo kapena malasha, patuluka mpweya umene ophunzira autcha carbon dioxide. Ife tiutcha mpweya wa kaboni. Ulibe mtundu, ulibe fungo. Mpweya umenewu uli m'mlengalenga kuyambira kalekale, ndipo mitengo ndi mbewu zonse ziufuna kuti zikule. Choipa ndi kuchuluka kwake. Ukachuluka uchita ngati bulangete lofunditsa dziko: kutentha kwa dzuwa kulowa, koma kutuluka kwake kuchepa.

Anthu asanayambe kuyendetsa makina ndi malasha, pa magawo 1,000,000 a mpweya wa m'mlengalenga, magawo 280 okha anali a kaboni. Pofika chaka cha 2024 anapitirira 420. Chaka chomwecho cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse zam'mbuyo chiyambire anthu kulemba za kutentha kwa dziko. Gawo lina la mpweya umenewu likhala m'mwamba zaka mazanamazana, kotero kuti utsi wa lero udzafunditsa zidzukulu zathu ndi zidzukulutudzi zomwe.

Dziko likatentha, nyengo isokonezeka. Mpweya wofunda usenza madzi ambiri kuposa wozizira, ndipo mvula ikagwa igwa mwaukali. Anthu a kumwera kwa Malawi adziwa bwino mvula yotere. M'mwezi wa Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche kukwirira nyumba za ku Chilobwe mu Blantyre, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa, pamene oposa 500,000 anathawa m'nyumba zao. Tisanene bodza kuti mpira wakutiwakuti ndiwo unabweretsa namondweyo. Anamondwe analipo ndi kale lomwe. Koma utsi wa dziko lonse uthiridwa m'nkhokwe imodzi, ndipo nkhokweyo ikadzala, zowawa zake zifika msanga kwa osauka, amene nyumba zao nzofooka ndipo chakudya chao chidalira mvula.

Apa ndi pamene pali mlandu. Mlimi wa ku Malawi satentha mafuta ambiri. Tikagawa utsi wa petulo, dizilo, malasha ndi simenti wa dziko la Malawi pakati pa anthu ake onse, munthu mmodzi safika ngakhale theka la tani pa chaka. Koma munthu wokwera ndege kuchoka kuno kupita ku Ulaya ndi kubwerako atulutsa woposa tani yathunthu pa ulendo umodzi wokha.

Kuyesa Chinthu Chosagwirika

Wina adzafunsa kuti, "Nanga utsi auyesa bwanji, popeza sungaikidwe pa sikelo?" Funso ili nlabwino, ndipo yankho lake silovuta. Sayesa utsi weniweniwo, koma awerenga zinthu zimene ziutulutsa.

Ophunzira anapeza kuti lita imodzi ya petulo ikapsa itulutsa mpweya wa kaboni wolemera makilogalamu 2 ndi pang'ono, ndipo lita ya dizilo itulutsa woyandikira makilogalamu 3. Mwina mudabwa kuti utsi ulemera bwanji kuposa mafuta amene unachokerako. Chifukwa chake nchakuti pakupsa, kaboni wa m'mafutamo agwirizana ndi mpweya umene tipuma, ndipo ziwirizi pamodzi zilemera koposa. Momwemonso, popanga tani imodzi ya simenti patuluka mpweya woposa theka la tani, ndipo popanga tani ya chitsulo patuluka pafupifupi matani 2. Tani imodzi ndiyo matumba 20 a chimanga a makilogalamu 50.

Tsono woyesa atenga buku, nalemba mitu itatu. Mutu woyamba ndi zomangamanga: simenti ingati, chitsulo chingati, misewu ingati yatsopano. Mutu wachiwiri ndi zochitika pa masiku a phwando: magetsi, chakudya, malo ogona, katundu wonyamulidwa ndi zinyalala. Mutu wachitatu ndi maulendo: anthu angati anabwera, anachokera kuti, ndipo anakwera chiyani. Akatero achulukitsa chilichonse ndi utsi wake, naphatikiza zonse.

Muona kuti ntchito iyi ifanana ndi ya mlembi wa sitolo. Masamu ake ngapafupi, koma kukhulupirika kwake nkovuta. Pakuti wolemba buku ndiye asankha chimene chilowe ndi chimene chitsale kunja. Alimi athu adziwa kuti sikelo siinama yokha. Anama ndi munthu amene anaipotoza asanafike nayo kumudzi. Ndipo pamene wogula mbewu ali yemweyo mwini sikelo, mlimi wanzeru ayang'anitsitsa. Chimodzimodzinso pa maphwando aakulu: kawirikawiri woyesa utsi ndi mwini phwando yemwe, kapena munthu wolembedwa ntchito ndi iye.

Muyeso Wopotoka

Mpikisano wa World Cup wa ku Qatar unayamba pa 20 Novembala ndi kutha pa 18 Disembala 2022. Panali matimu 32 ndi masewera 64. Bungwe la FIFA, limene liyang'anira mpira pa dziko lonse, linawerengeratu kuti utsi wa mpikisanowo udzakwana matani 3,600,000. Kulemera kumeneku sikutalikirana ndi chimanga chonse chimene dziko la Malawi likolola pa chaka. Woposa theka la utsiwo unali wa maulendo. Pamwamba pa izo, eni mpikisano analengeza kwa anthu onse kuti phwando lao silidzasiya utsi uliwonse, pakuti adzalipira ntchito zina zofafaniza wonsewo.

Mawuwo anali okoma m'khutu. Koma akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Dziko la Qatar linamanga mabwalo 7 atsopano ndi kukonzanso limodzi lakale. Limodzi mwa atsopanowo linamangidwa ndi makontena 974 kuti lidzathe kuphwasulidwa, koma 6 enawo anali achikhalire. Bungwe lina lotchedwa Carbon Market Watch linasanthula buku la eni mpikisano, ndipo m'chaka cha 2022 linaonetsa mmene mabwalo 6 aja anawerengedwera. Olemba buku anati bwalo lililonse lidzagwira ntchito zaka 60, choncho anagawa utsi wa kumanga kwake pa masiku onse a zaka zimenezo, natengapo masiku ochepa okha a mpikisano. Mwa njira imeneyi mabwalowo analembedwa matani pafupifupi 200,000, pamene utsi wonse wa kumanga kwake unali pafupifupi matani 1,600,000.

Tiyeni tiyese nkhaniyi ndi fanizo. Munthu wagwetsa mitengo yonse ya m'nkhalango ya mudzi kuti amange chisakasa cha ukwati. Mfumu itamufunsa, iye ayankha kuti, "Chisakasa changa chidzakhala zaka zambiri, ndipo ukwati unali wa masiku awiri okha. Mundiwerengere nthambi imodzi basi." Kodi bwalo lingamve zotere? Mfumu idzamufunsa kuti, "Ukwati ukadapanda kukhalako, kodi mitengoyo ukadaigwetsa?" Funso lomweli liyenera Qatar, dziko la anthu pafupifupi 3,000,000, amene ambiri a iwo akhala mu mzinda umodzi wa Doha ndi m'mbali mwake. Mabwalo aakulu ochuluka chotere anamangidwira alendo a mwezi umodzi.

Anthu a m'maiko asanu a ku Ulaya anakadandaula ku bungwe la ku Switzerland loona ngati otsatsa malonda anena zoona, popeza likulu la FIFA lili m'dzikomo, mu mzinda wa Zurich. M'mwezi wa Juni 2023 bungwelo linagamula kuti FIFA inalephera kupereka umboni wa mawu ake, ndipo linailangiza kuti isabwerezenso kunena zopanda umboni. Chigamulocho chinalibe chindapusa, koma chinaonetsa poyera kuti mlandu suola.

Choipa cha muyeso wopotoka si kuchepa kwa nambala kokha. Muyeso wotere ugoneka mtima wa munthu. Wokwera ndege akauzidwa kuti ulendo wake ulibe banga, safunsanso kanthu. Womanga mabwalo akaona kuti buku labisa simenti yake, mawa amanganso ena. Bodza lichotsa manyazi, ndipo popanda manyazi munthu sasintha.

Muyeso Woikidwa Poyamba

Masewera a Olimpiki a ku Paris, m'dziko la France, anachitika kuyambira pa 26 Julayi kufika pa 11 Ogasiti 2024, ndipo anatsatidwa ndi masewera a anthu olumala. Ochita masewera a Olimpiki anali pafupifupi 10,500, ndipo matikiti ogulidwa pa masewera onse awiri anakwana 12,000,000. Mzinda womwewo ndi umene maiko anapanganirako m'chaka cha 2015 kuti achepetse kutentha kwa dziko, kotero maso a anthu anali pa iwo.

Eni masewerawa anayamba ndi muyeso ntchito isanayambe. Anaona kuti masewera a ku London a 2012 ndi a ku Rio de Janeiro a 2016 anatulutsa matani pafupifupi 3,500,000 aliwonse, ndipo anadziikira malire kuti iwo asapitirire theka lake. Anachita monga mayi wanzeru amene ayang'ana m'nkhokwe asanaitane alendo, osati alendo atadya kale. Malire atadziwika, chilichonse chofuna kugulidwa kapena kumangidwa chinayenera kufunsidwa utsi wake.

Nzeru yao yaikulu inali kusamanga. Pa malo 100 alionse ochitirako masewera, 95 anali omangidwa kale kapena ongoimika kwa kanthawi. Mipikisano yothamanga inachitikira m'bwalo la Stade de France, limene linamangidwira World Cup ya 1998. Masewera a malupanga anachitikira m'nyumba yakale ya Grand Palais, ya chaka cha 1900. Mudzi wogonamo ochita masewera anaumanga kuti pambuyo pake ukhale nyumba za anthu ndi maofesi. Mabwalo anawalumikiza ku magetsi a dziko m'malo modalira majenereta a dizilo. Pa chakudya anachulukitsa ndiwo zamasamba ndi nyemba, popeza nyama ya ng'ombe itulutsa utsi wambiri kuposa mbewu. Kumapeto kwa 2024 analengeza kuti utsi wonse unakwana matani 1,590,000, ndiwo wosafika theka la masewera aja a ku London ndi Rio de Janeiro.

Koma tisawatamande mopitirira. Mpikisano woseweretsa matabwa pa mafunde a nyanja anaupititsa ku chilumba cha Tahiti, mtunda woposa makilomita 15,000 kuchokera ku Paris, ndipo anthu a komweko anadandaula chifukwa cha nsanja yatsopano ya oweruza imene inaimikidwa m'nyanja mwao. M'mudzi wogonamo sanaikemo makina oziziritsa zipinda, koma mapaipi a madzi ozizira pansi pa nyumba. Maiko ambiri anaopa kutentha, naitanitsa makina pafupifupi 2,500 ndi ndalama zao. Potero olemera anagona pozizira, ndipo amene analibe ndalama anapirira. Apa tiphunzira kuti lamulo lodziletsa limene wolemera atha kulilumpha ndi ndalama, ligwera wosauka yekha.

Pali chinthu china chimene anachita chimene tiyenera kuchiona. Poyamba ananena kuti masewera ao adzapindulitsa nyengo koposa kuiononga. Anthu atatsutsa, mawuwo anawasiya, navomera kuti phwando lao lili ndi utsi. Kusiyana kwa Paris ndi Qatar sikuli kwakuti wina analibe phulusa. Onse awiri anali nalo lochuluka. Kusiyana kwake nkwakuti wina analiwerenga poyera ndi kulichepetsa, pamene wina anati palibe.

Za Chipepeso

Utsi ukachepetsedwa, wina utsalabe. Nanga wotsalawo atani nawo? Njira imene yafala ndiyo kulipira anthu a kwina kuti achepetse utsi wao kapena abzale mitengo, ndipo wolipirayo alandira chikalata chonena kuti matani akutiakuti afafanizidwa. Eni masewera a ku Paris analipira ntchito zotere, monga mbaula zosatha nkhuni ku Kenya ndi ku Nigeria, ndi kubzala mitengo ya m'mphepete mwa nyanja ku Senegal. Ntchito za mbaula zotere zafika ndi m'midzi ya ku Malawi momwe.

Chipepeso si chinthu chachilendo kwa ife. Ng'ombe zikadya mmera wa mnansi, mwini ng'ombe apereka mbuzi kapena nkhuku, ndipo mtendere ubwerera. Mbaula yabwino ithandizadi mayi amene ayenda mtunda wautali kukatola nkhuni, ndipo ichepetsa utsi umene upweteka maso ndi chifuwa cha ana. Palibe munthu wanzeru amene angadane nayo.

Komabe pali zinthu zitatu zoyenera kuzikumbukira. Choyamba, chikalata sichikhala choona nthawi zonse. M'chaka cha 2024 ophunzira a pa yunivesite ya California ku Berkeley anasanthula ntchito zambiri za mbaula, napeza kuti matani olembedwa pa zikalata anachuluka pafupifupi ka 9 kuposa amene anapulumutsidwadi. Chifukwa china nchakuti mabanja ambiri alandira mbaula, koma apitirizabe kuphika pa mafuwa. Chachiwiri, utsi wa ndege ukwera lero, koma mtengo ufuna zaka zambiri kuti ukule, ndipo moto wolusa, chiswe kapena nkhwangwa zitha kuutha usanabweze ngongole yake. Chachitatu ndicho chachikulu koposa: chipepeso chiperekedwa ndi munthu amene anayesetsa kutseka khola koma ng'ombe zinathyola. Munthu amene atsegula khola dala usiku uliwonse, nanena kuti, "Mbuzi zolipira ndili nazo zambiri," sakupepesa ai. Akugula chilolezo cha kuononga. Pepa sapoletsa chilonda, makamaka pamene wopepesayo akali ndi mpeni m'manja.

Ndiponso tifunse kuti, kodi nchilungamo kuti mayi wa kumudzi asinthe kaphikidwe kake kuti munthu wolemera asasinthe kayendedwe kake? Thandizo kwa osauka liperekedwe, ndipo lichuluke. Koma litchedwe dzina lake lenileni, ndilo kubweza pang'ono pa ngongole yaikulu. Lisatchedwe sopo wosambitsa mwini phwando.

Kodi Tileke Kusangalala?

Ena pomva zonsezi ati, "Ngati zili chomwecho, maphwando amenewa athe." Enanso ati, "Dziko lonse litulutsa matani oposa 35,000,000,000 pa chaka. Phwando limodzi ndi dontho m'nyanja, mulivutitsiranji?" Magulu onse awiri ali ndi mbali ya choonadi, koma onse awiri aphonya.

Kwa oyambawo tinena kuti masewera ali ndi phindu limene siliyesedwa ndi matani. Pa bwalo la masewera mitundu ilimbana popanda mfuti, ndipo mwana wa dziko losauka aima pa mzere umodzi ndi mwana wa dziko lolemera. Ku Paris mnyamata wa ku Zambia, Muzala Samukonga, anapambana mendulo pokhala wachitatu pa liwiro la mamita 400, ndipo inali mendulo yoyamba ya Olimpiki ya dziko lake chichokere 1996. Chimwemwe chimene anthu a kwao anali nacho tsiku limenelo sichinali chachabe. Dziko lopanda bwalo lokomanirapo lingakhale dziko losauka mtima.

Kwa achiwiriwo tinena kuti nyanja yomwe ndi madontho. Fakitale iliyonse, galimoto iliyonse ndi dziko lililonse zitha kunena kuti, "Ine ndine dontho," ndipo onse akatero palibe adzasinthe. Koposa apo, phwando lalikulu ndi sukulu. Anthu miyandamiyanda aliona pa wailesi ya kanema, ndipo chimene chichitika pamenepo achiyesa choyenera. Nyumba ya mfumu ikakhala yosasesa, mudzi wonse uleka tsache.

Koma pali fupa limodzi limene ngakhale a ku Paris sanathe kuliphwanya, ndilo maulendo. Woposa theka la utsi wao unachokera ku maulendo a anthu, makamaka alendo a pa ndege ochokera kutali. Masewera a ku Tokyo, amene anachitika mu 2021 popanda oonerera akunja chifukwa cha mliri wa Covid-19, anatulutsa utsi wochepa kuposa umene unayembekezeka, ndipo ichi chionetsa kumene kuli gwero lake. Walira mvula walira matope: woitana dziko lonse waitananso ndege zake. Ngakhale zili chomwecho, mipikisano ikukulirakulira. World Cup ya 2026 anaikonza kuti ikhale ya matimu 48 ndi masewera 104, m'mizinda 16 ya maiko atatu aakulu, United States, Canada ndi Mexico. Ya 2030 anaipereka kwa Morocco, Portugal ndi Spain, ndi masewera ena atatu kutsidya kwa nyanja ku Uruguay, Argentina ndi Paraguay.

Pano ndiye pali mayeso enieni a mtima. Nkwapafupi kuleka makapu a pulasitiki, pakuti kutero sikuchepetsa phindu la mwini phwando. Nkovuta kunena kuti matimu akwana, mizinda ikhale yoyandikana kuti anthu ayende pa sitima ya pamtunda, matikiti ambiri agulitsidwe kwa anthu apafupi, ndipo akutali aonere pamodzi m'mabwalo a kwao. Nkovuta chifukwa kutero kuchepetsa ndalama. Koma ukoma umene sutayitsa munthu kanthu ndi chovala chabe. Munthu wodziletsa adziwika pa mbale ya ndiwo zimene azikonda.

Mangawa Atatu

Tsono tibwerere ku funso lathu. Mwini phwando lalikulu ali ndi mangawa atatu kwa anthu amene sanaitanidwe, ndipo ayenera kubwezedwa motsatana, osadumphitsa.

Oyamba ndi choonadi. Awerenge utsi wonse, wa simenti, wa chakudya ndi wa ndege za alendo, ndipo buku lake aliike poyera kuti anthu osadya nawo phindu alisanthule. Wachiwiri ndi kudziletsa. Aike malire ntchito isanayambe, agwiritse ntchito zimene zilipo kale, ndipo alole phwando kuchepa pamene kukula kwake kupweteka ena. Wachitatu ndi chipepeso pa utsi wotsala, choperekedwa modzichepetsa, popanda kudzitama kuti mlandu watha. Woyamba ndi chipepeso nalumpha ziwiri zoyambazo afanana ndi munthu wofolera denga asanaimike nsichi.

Pa atatuwa, choonadi ndicho muzu. Munthu wosadziwa kukula kwa ngongole yake sangaibweze, ndipo wobisa ngongole safuna kuibweza. Nchifukwa chake kuyesa utsi, ngakhale kuoneka ngati ntchito youma ya alembi, kuli ntchito ya chikumbumtima. Nambala yoona ndiyo njira imene munthu wa ku Paris kapena ku Doha avomerezera kuti mlimi wa ku Nsanje, amene sadzamuona ndi maso, alipo ndithu, ndipo munda wake uli ndi mtengo.

Inu owerenga, mwina mudzati nkhani izi nza maiko akutali ndipo mulibe mawu pa izo. Koma inu mwaphunzira kuwerenga, ndipo wodziwa kuwerenga sanamizidwa msanga. Mukamva pa wailesi kapena kuona m'nyuzipepala kuti msonkhano wakuti kapena mpikisano wakuti sunasiye utsi, funsani mafunso atatu: Anayesa ndani? Anasiya chiyani kunja kwa buku? Anadzimana chiyani? Wina akabwera m'mudzi mwanu ndi mbaula kapena mbande za mitengo, zilandireni ngati zili zabwino, koma funsani kuti chikalata chake chipita kwa yani, ndipo mudzi upindulanji. Kufunsa si chipongwe. Safunsa anadya phula.

Ndipo pamene inu eni mukhala ndi msonkhano, kaya wa mpira, kaya wa sukulu, kaya ukwati, lamulo ndi lomweli ngakhale muyeso uli waung'ono. Werengani mitolo ya nkhuni imene yapsa, ndipo dziwani nkhalango imene yachokera. Pakuti ulemu wa mwini phwando suoneka pa kuchuluka kwa alendo ake okha, koma pa nkhope za anansi ake m'mawa mwake.

Mafunso Oti Mukambirane

1. Kodi utsi auyesa bwanji, popeza sungaikidwe pa sikelo?
2. Pa fanizo la chisakasa cha ukwati, inu mukadakhala mfumu mukadagamula bwanji?
3. Kodi chipepeso chisiyana bwanji ndi kugula chilolezo cha kuononga?
4. Kodi nkoyenera kuchepetsa alendo akutali pa masewera aakulu? Ndani angapindule, ndipo ndani angadandaule?